Ndani Anauza Njuchi?

Ndinabadwira m'mudzi wa Hollin Underhay, ndipo nyumba ya Marlcombe ndakhala ndikuiona moyo wanga wonse, koma ndinali ndisanalowepo pakhomo lake lakumaso. Ife a m'mudzi tinkalowera kukhitchini. Palibe amene anatilamula kutero, miyendo yathu ndiyo inkangokhota yokha. M'mawa wa Lachisanu limenelo, m'mwezi wa Juni, ndinaimika galimoto ya polisi pansi pa mkungudza waukulu uja, ndinavula chipewa, n'kukwera makwerero a pakhomo lalikulu ngati munthu wolowa m'tchalitchi. Ndinabwera chifukwa mwini nyumbayo, a Auberon Averill, anali atapezeka atafa m'munda mwawo.

Nyumba ya Marlcombe siilola munthu kufulumira. Miyala yake ndi yofiirira ngati uchi, ndipo pakhomo mwala unakumbika pakati ndi mapazi a anthu amene anafa kalekale. M'kati, makolo a banja la Averill anandandalika pakhoma m'zithunzi zawo zakuda, ena ndi malupanga, ena ndi agalu, onse akundiyang'ana ngati akufunsana kuti mwana wa Maud Thirkell akufunanji kuno. Ndinadutsa mwakachetechete, n'kutulukira khomo lakuseri. Kumeneko munda unatambasuka mpaka kuphiri: kapinga wosalala ngati nsalu, mipanda yamitengo yometedwa ngati mbalame, maluwa a rozi akuyoyoka m'makoma. Mame anali akadali nyezinyezi paliponse.

Dokotala Ottley, mayi wamfupi wosakonda mawu ambiri, anali atagwada pansi pa makwerero amwala otsikira kudziwe la akakombo.

"Mwachedwa, Sajeni Thirkell," anatero osatembenuka. "Malemuwa atopa n'kukudikirani."

A Auberon anali gone chagada, nkhalamba yaitali yovala jekete yaubweya.

"Anagwa dzulo madzulo," anapitiriza dokotalayo. "Zovala zanyowa ndi mame, koma pansi pa msana wawo n'pouma. Anamenyetsa mutu pamwala uwu. Sanafe pomwepo ayi. Anakhala akupuma kwa nthawi ndithu, ndipo wina akanandiitana, mwina lero bwenzi akundikalipira kuchipatala."

"Ndiye kuti ndi ngozi?"

"Apolisi ndinu. Ine ndimangoyeza. Koma taonani bwino."

Ndinaona. Maso a malemuwo anali otsekedwa bwinobwino. Manja anali opingasa pachifuwa. Tsitsi lawo loyera linali litasalazidwa ndi dzanja la munthu. Nditakweza maso ndinaonanso ndodo yawo: sinagwe nawo pansi, koma inali pamwamba pa makwerero, itatsamiritsidwa mwaulemu pamtsuko wamwala wa maluwa.

"Pa ntchito yangayi ndaona zambiri," anatero Dokotala Ottley akudzuka, "koma sindinaonepo maliro odzikonza okha."

* * *

A Crispin Averill anandidikira m'chipinda cha mabuku, mmene mashelefu amafika kudenga. Iwo ndi mwana wa mng'ono wawo wa malemuwo. Amakhala ku London, ndipo ku Marlcombe amangobwerako kukatentha. Sanandipatse mpando.

"Mukuzunguliranji m'maluwa, Sajeni? Munthu wanu ali m'chipinda cham'mwamba, akulongedza sutikesi."

"Ndani ameneyo, bwana?"

"Bethan Rudge, mtsikana amene amasamalira bambo aakulu. Dzulo masana anamuchotsa ntchito. Anakalipirana mpaka mbale kunjenjemera m'kabati, funsani aliyense. Madzulo ake munthu wagwa pamakwerero. Kapena mukufuna ndikujambulireni chithunzi?"

"Inuyo munali kuti madzulowo?"

Anaseka ndi mphuno. "Kuphwando la kalabu ya masewera a kiriketi kutauni, ndikulankhula pamaso pa anthu odzaza holo. Ndinagona komweko kwa mnzanga. Kawafunseni onse, akupatsaninso mowa. Ndipo mverani china: kiyi wa pakhomo lalikulu anasowa usiku wathawu. Nyumba ino yagona yosakhoma, chinthu chimene sichinachitikepo. Ndani angafune kulowa ndi kutuluka mosamveka, ngati si munthu amene wachotsedwa ntchito?"

Pazenera ndinaona mayi wokalamba wovala zakuda akuyenda pakapinga, msana uli njo ngati kandulo. Anali Mayi Honor Averill, mlongo wawo wa malemu. Sanakwatiwepo. Theka la mudzi wathu linaphunzira Sande sukulu kwa iwo, ine ndemwe, ndipo ngakhale lero amuna a imvi amachotsa manja m'matumba akakumana nawo panjira.

"Azakhali musawayandikire," anatero a Crispin ataona kumene ndinayang'ana. "Chibadwire akhala ndi mlongo wawo m'nyumba ino. Zawakwana. Ine ndalankhula kale ndi abwana anu kutauni. Akuti dzuwa likamafika pamutu, mtsikanayo akhale ali m'chitokosi."

Asanatseke pakamwa, foni yanga inalira m'thumba. Anali abwana anga, ndipo ananena mawu omwewo.

* * *

Chipinda cha Bethan Rudge chinali pansi pa denga penipeni, kumene munthu wamtali amayenda chowerama. Ndinamupeza atakhala pasutikesi, maso ali psuu. Anali mtsikana wa mapewa amphamvu ndi manja ozolowera kunyamula odwala.

"Mwabwera ndi unyolo, a Sajeni, kapena ndiyende ndekha?"

"Ndabwera ndi mafunso. Munakanganirana chiyani dzulo?"

"Makwerero omwe aja. Ndinawauza kuti asamatsike okha kudziwe. Anati ndine mlonda wa ndende. Ndinati iwo ndi mbuzi yokalamba youma mutu. Anati ndachotsedwa ntchito." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "A Sajeni, mdala uja ankandichotsa ntchito sabata iliyonse! M'mawa mwake amvekere, 'Bethan, phala langa lili kuti?' Koma dzulo ndinapsa mtima zenizeni. Ndinamenyetsa chitseko n'kukwera phiri."

"Anakuona ndani kuphiriko?"

"Nkhosa. Mukazifunse."

"Utabwerako unakawaona?"

Apa ndiye anagwetsa nkhope. "Ayi. Ndinati lero aone mmene zimakhalira kuvula masokosi wekha. Ndinangokwera kuno n'kudzifunditsa bulangete. Iwo ali gone panja pamwala, ine ndikunyada pabedi. Ndikanangosuzumira m'chipinda mwawo..." Kenaka anati chapansipansi, "Mukanditenga, ngakhale adzanditulutse, ndani adzandipatsenso kholo lake kuti ndilisamalire? Ine ntchito ina sindiidziwa."

Ndinadikira kuti mtima wake ukhale pansi.

"Ukuti ankakuchotsa ntchito sabata iliyonse. Nanga dzulo chinawakwiyitsa kwambiri n'chiyani?"

"Si mkwiyo, anali mantha. Anagwirizana ndi anthu ena ofuna kusandutsa nyumba ino hotela. Munda wa njuchi uja akuti pakhale poimika magalimoto. Lolemba likubwerali akanakasaina. Anandiuza ine ndikuwameta ndevu, chifukwa munthu wogwira lezala sumubisira kanthu, koma mlongo wawo anali asanawauze. Ankawaopa a Honor kuposa dokotala wa mano."

"A Crispin ankadziwa?"

"Amene anabweretsa anthu a hotelawo ndani?"

Ndinamufunsa ngati anaona kapena kumva chilichonse pobwerera kuchokera kuphiri. Anaganiza kaye.

"Mabelu a kutchalitchi anali atangosiya kulira. Ndikudutsa kuseri kwa mpanda wanjerwa, ndinamva kugogoda. Go, go, go. Kenaka zii. Kenaka go, go, go. Mobwerezabwereza choncho. Ndinati gogomole ameneyu sadziwa nthawi yogona."

* * *

"Ee, taonani! Mwana wa Maud walowera kumaso lero!" anafuula Mayi Gwenda Tapp nditangolowa m'khitchini. "Mapazi unapukuta koma? Khala apo, usandiimire ngati mzati."

Mayi Tapp ndiwo amayendetsa nyumba ya Marlcombe, ndipo anali mnzawo wa malemu mayi anga. Maso awo anali otupa ndi kulira, koma pakamwa panali pabwinobwino. Anandiikira tiyi ndi sikono yopaka uchi ndisanapemphe.

"Idya. Waonda ngati chogwirira cha tsache. Mkazi wako amakuphikira mapepala?"

"Mayi Tapp, dzulo madzulo munali kuti?"

"Ukufunsa ngati sunatimve! Lachinayi lililonse ndimasiya nyama yozizira ndi buledi patebulo, n'kupita kutchalitchi kukaphunzira kuimba mabelu. Mudzi wonse umatimva, agalu amachita kulira. Titamaliza tinakanyowetsako kukhosi pang'ono, usandiyang'ane choncho, zingwe zija n'zolemera. Ndinafika kuno chisisira chitagwa. Ndimati ndikhome pakhomo, kiyi palibe pamsomali! Ndinafuna pansi pa mphasa, m'miphika ya maluwa, paliponse. Mapeto ake ndinakagona ndi chitsulo chosonkhezera moto pambali panga."

"Simunapite kukaona bwana?"

"Ndine mkazi wawo ine? Kuwagoneka ndi ntchito ya Bethan. Ine ndimayesa Bethan wawagoneka, Bethan amayesa adzigoneka okha. Nyumba ya zipinda zochuluka chonchi, munthu akhoza kusowa mpaka Khirisimasi." Anapumira m'mwamba. "Ndiye kutangocha nditsika, ndipeza kiyi ali lende pamsomali pake, ngati sanachokepo. Womatamata, ngati wagwiridwa ndi mwana wodya jamu. Ndinati ayi, iwe sundipusitsanso kawiri, n'kumuponya m'thumba la epuloni. Kenaka ndinapita ndi tiyi kuchipinda kwa bwana, ndipeza bedi silinagonedwe. Ndinathamangira kumunda. Zinazo waziona wekha."

"Kiyiyo ali kuti tsopano?"

"Momwemo. Sanatulukemo." Anamenya thumba la epuloni.

Ndinapempha kumuona. Anali kiyi wachitsulo chakuda, wamtali ngati chikhatho changa, wolemera ngati nyundo yaing'ono. Kumutu kwake kunali tinthu tofiirira tomata. Nditanunkhiza sanali jamu. Linali phula la njuchi. Ndinamubwezera m'manja mwawo.

"Nanga Mayi Honor anaulandira bwanji uthenga?"

"Aja ndi mwala, Denzil. Msozi ngakhale umodzi. Nditawauza anangoti, 'Zikomo, Gwenda,' ngati ndawapatsira mchere. Koma usaganize kuti sizikuwapweteka. Njuchi aziuza kale. Ndaona tinsalu takuda pa ming'oma pamene ndimakazula anyezi. Wina aliyense akuthamangathamanga ndi mafoni, iwo anakumbukira njuchi."

Kwathu kuno mwini nyumba akamwalira, wamkulu wa pabanja amapita kuming'oma kukauza njuchi za malirowo, n'kumanga kansalu kakuda pamng'oma uliwonse. Akale ankati njuchi zikapanda kuuzidwa zimanyanyala, zimasiya kupanga uchi, kapena zimasamuka. Mabanja ambiri anasiya mwambowu. A Averill sanausiye.

"Munawaona akupita kuming'omako m'mawa uno?"

"Kuwaona ayi. Koma ndani winanso angachite? A Crispin? Aja njuchi akaiona amathawira m'galimoto."

"Tandikumbutsani, mayi. Pouza njuchi amagogoda ndi chiyani?"

"Iwe, sukulu ya polisi inakufufuta m'mutu? Ndi kiyi wa pakhomo lalikulu, katatu mng'oma uliwonse! A Honor sangagogode ndi chala ngati munthu wogulitsa mazira. Amayi awo anagogoda ndi kiyi, agogo awo anagogoda ndi..."

Anasiyira pomwepo. Dzanja lawo linatsika pang'onopang'ono n'kukagwira thumba la epuloni, mmene kiyiyo anakhala chitulukire dzuwa, maliro asanadziwike. Nkhope yawo inachita mbuu.

"Denzil," ananong'ona, "usapiteko."

Ndinatambasula dzanja, ndipo anandipatsa kiyiyo.

* * *

Njira ya kumunda wa njuchi imadutsa pakati pa mipanda iwiri yamitengo, yaitali kuposa munthu wokwera pahatchi. M'kati mwake mumakhala mthunzi wozizira ngakhale dzuwa liswe mtengo. Kumapeto kwake kuli khoma lanjerwa zakale ndi kachitseko kobiriwira. Nditakankha kachitsekoko ndinaima kaye, chifukwa ngakhale munthu atabwera ndi nkhani yoipa chotani, malo amenewo amamuimitsa. Mitengo ya mapeyala inatambasulidwa pamakoma ngati manja a anthu opemphera. Maluwa a lavenda anafika m'mawondo mbali zonse, fungo lake lolemera ngati utsi wa lubani. Ndipo pamwamba pa zonsezo panali kulira kwa njuchi, liwu limodzi lalitali losapuma, ngati limba la m'tchalitchi woimba akaiwala phazi pansi.

Ming'oma yamatabwa oyera inandandalika m'mbali mwa khoma lakum'mawa, mmene mthunzi unali usanachoke. Uliwonse unali ndi kansalu kake kakuda. Ndinagwada pafupi ndi woyamba. Kansaluko kanali konyowa ndi mame, ngati jekete ya malemu. Ndipo kuchokera pamfundo yake kufika paphesi la lavenda, kangaude anali ataluka ukonde wathunthu, wozungulira bwino ngati wilo, ulusi uliwonse utanyamula timadontho tonyezimira. Mwiniwake anali phee pakati. Kangaude wotere amaluka kukada. M'mawa amangodikira.

"Usaime kutsogolo kwa khomo lawo, Denzil. Sizikonda munthu wotseka njira."

Mayi Honor anali atakhala pabenchi yamwala pansi pa mtengo wa mapeyala, manja ali pamiyendo. Ndinasuntha msangamsanga ngati mmene ndinkachitira ku Sande sukulu.

"Pepani ndi zovutazi, mayi."

"Zikomo. Khala pansi. Mayi ako akanakondwa kukuona mu yunifomu yosita bwino chonchi."

Ndinakhala kumapeto kwa benchi, chipewa chili pabondo. Ndamangapo anthu oopsa pa ntchito yanga, koma lilime silinandilemerepo ngati tsiku limenelo.

"Mayi, njuchi munaziuza liti?"

"Gwenda wakuuza kuti liti?"

"Akuyesa kuti m'mawa uno."

"Nanga iwe ukuyesa kuti liti? Unali mwana woganiza pang'onopang'ono, koma unkafika."

Ndinatulutsa kiyi uja n'kumuika pabenchi pakati pathu. Ndinawauza kuti kiyiyo anasowa madzulo, ndipo wakhala m'thumba la Mayi Tapp kuyambira m'bandakucha. Ndinawauza za kugogoda kumene Bethan anamva mabelu atangosiya kulira. Pomaliza ndinawalozera ukonde wa kangaude.

"Tinsaluti tinamangidwa dzulo madzulo, mayi. Amene anatimanga ankadziwa kuti a Auberon amwalira, pamene nyumba yonse inkayesa kuti ali pabedi."

Anauyang'ana ukondewo kwa nthawi yaitali.

"Waluka bwino," anatero.

"Dzuwa likafika pamutu ndiyenera kutenga Bethan Rudge kupita naye kupolisi. A Crispin akuti ndiye anawakankha."

Kwa nthawi yoyamba nkhope yawo inagwedezeka. "Bethan? Crispin wanena zimenezo?"

"Ndipo abwana anga avomera. Mtsikanayo alibe mboni. Anakangana nawo anthu akumva."

"Ine ndimayesa mudzati ndi ngozi, n'kupita kwanu." Anatseka maso. "Mtsikana uja amadziwa kupesa tsitsi la Auberon osamukwiyitsa. Ine ndalephera zimenezo moyo wanga wonse."

Njuchi imodzi inatera padzanja lawo, inayendayenda pakati pa mitsempha, n'kuulukanso. Sanaiyang'ane n'komwe.

"Auberon anandiuza pamwamba pa makwerero aja," anayamba, mawu ali osalala ngati akuwerenga phunziro la Lamulungu. "Hotela. Anati denga likudontha, mawondo atha, watopa. Anati Lolemba akasaina, ndipo muno muziima magalimoto. Muno, Denzil. Atanena anatembenuka kuti azitsika, ngati wangondiuza kuti mawa kugwa mvula. Ndinamulanda ndodo. Ndinati suchoka pano usanandiyang'ane kumaso. Koma Auberon sanalolepo kuimitsidwa ndi munthu chibadwire. Anaponda pamwala alibe ndodo, n'kugwa."

"Munawakankha?"

"Ayi. Bola ndikanamukankha. Kukankha ndi kwa kamphindi, munthu akhoza kunena kuti mtima unandithawa. Ine ndinatsamiritsa ndodo bwinobwino, ndinatsika, ndinamupeza akupuma. Foni ili m'nyumba. Miyendo ndili nayo, yamphamvu kuposa yake. Ndinatembenuka kuti ndithamange, ndipo ndinakumbukira za Lolemba. Ndiye ndinakhala pansi. Ndinamugwira dzanja mabelu akulira. Ndinamuuza za mmene tinkagwirira achule m'dziwe lija tili ana. Sindikudziwa ngati ankamva. Iye ndiye anayamba kukhala chete, mabelu anatsatira."

Pamwamba pathu mawindo a nyumba yaikuluyo ankanyezimira kuseri kwa khoma, mizere ndi mizere, ngati kuti makolo onse aja achoka m'zithunzi n'kubwera kudzamvetsera.

"Mayi, mukanapanda kubwera kuno ndi kiyi, palibe chikanaloza kwa inu."

Anandiyang'ana ngati ndalakwitsa vesi losavuta.

"Amayi anatiphunzitsa kuti njuchi zisagone zisanamve. Zikamva mochedwa zimachoka, ndipo tsiku limene zidzachoke ku Marlcombe, a Averill nawonso adzachoka. Ndinasiya mlongo wanga afe chifukwa cha nyumba ino. Ndiye ndikanaitaya chifukwa cha ulesi wa usiku umodzi? Ndikanatha kunamiza iwe, ndi abusa, ndi Crispin. Izi ayi."

Anadzuka, n'kusalaza diresi lawo lakuda.

"Uli ndi galimoto?"

"Ili pansi pa mkungudza, mayi."

"Chabwino. Koma undibwereke kiyiyo kaye. Dzulo ndinaziuza theka lokha."

Malamulo a ntchito yanga salola kupereka umboni m'manja mwa woganiziridwa mlandu. Ndinawapatsa ndi manja awiri.

Anapita pamng'oma woyamba, mosamala kuti asadule ukonde wa kangaude, ndipo anagogoda. Go, go, go. Kulira kwa njuchi kunatsika, ngati anthu m'chipinda akamva chitseko chikutseguka.

"Njuchi za Marlcombe, tamverani," anatero atawerama. "Dzulo ndinakuuzani kuti mbuye wanu Auberon wamwalira. Sindinakuuzeni kuti amene anamusiya afe ndine. Bethan Rudge alibe mlandu. Ine ndikupita, ndipo sindikudziwa ngati ndidzabwerenso. Mbuye wanu tsopano ndi Crispin."

Mawu awo ananjenjemera pa dzina lomalizalo lokha. Anapita pamng'oma wachiwiri, n'kunena zomwezo, ndi wachitatu, mpaka kumapeto kwa mzere, osadumpha liwu limodzi. Ine ndinaima chiimire m'lavenda, chipewa chili pachifuwa.

* * *

Tinadutsa m'nyumba. Bethan anali atatsika ndi sutikesi yake, atakhala pansi pa makwerero amatabwa kudikira kuti ndimutenge. Mayi Tapp anali pambali pake akulira m'epuloni. A Crispin anatuluka m'chipinda cha mabuku akuyang'ana wotchi yawo.

"Pomaliza, Sajeni! Mutengeni azipita. Azakhali, inu kapumeni, izi si zoti muzione."

"Khala chete, Crispin," anatero Mayi Honor osamuyang'ana. Anaima pamaso pa Bethan. "Bweza sutikesiyo m'mwamba, mwana iwe. Sukupita kupolisi. Mlongo wanga unamusamalira bwino kuposa ine, ndipo ndikanena zimenezo kulikonse kumene angandifunse. Pepa chifukwa cha m'mawa uno."

Bethan anayang'ana kwa iwo, n'kuyang'ana kwa ine. Ndinagwedeza mutu. Anayamba kulira mokweza ngati mwana.

Mayi Honor anapachika kiyi pamsomali pake, anausisita kamodzi ndi chala, ndipo anatuluka pakhomo lalikulu ine nditawagwirira chitseko. Sanacheuke.

Titafika pagalimoto tinamva mkokomo kuchokera kumunda, ngati mphepo ikubwera m'nkhalango. Pamwamba pa khoma lanjerwa panakwera mtambo wakuda, ukuzungulira, ukukula, dzuwa likuwala m'kati mwake ngati fumbi lagolide. Linali khamu la njuchi, zikwi ndi zikwi. Linadutsa pamwamba pa kapinga, pamwamba pa denga ndi machumuni ake, linazungulira nsonga ya mkungudza kamodzi, n'kulunjika kuphiri.

Ndikudziwa bwino kuti njuchi zimagawikana ndi kusamuka m'mwezi wa Juni, ndipo mlimi aliyense wa njuchi akhoza kufotokoza chifukwa chake. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zimenezo. Koma Mayi Honor anali atakweza nkhope, akuliperekeza khamulo ndi maso mpaka linazimirira kuseri kwa phiri.

"Zamva," anatero. "Tiye, Denzil."